KUWONDA KWA ODWALA KHANSA: TIKUZINDIKIRE MSANGA

Mawu omwe anayankhulidwa kwa mamembala pa msonkhano wa makalabu a alimi

Kawirikawiri tikakumana chonchi timakambirana za mitengo ya mbewu, feteleza, ngongole ndi misika. Lero tabwera ndi nkhani ina, koma nayonso ndi ya chakudya. Tikufuna tikambirane za abale athu odwala khansa, ndi momwe tingazindikirire msanga kuti thupi lawo layamba kuperewera zakudya.

Mfundo yathu ndi imodzi. Munthu wodwala khansa akayamba kuwonda, tisamangoti "ndi matendawo" n'kukhala chete. Kuwondako ndi vuto palokha, kuli ndi zizindikiro zake, ndipo kukadziwika msanga pali zomwe achipatala ndi ife pakhomo tingachite. Kukadziwika mochedwa kumatsekereza ngakhale chithandizo cha khansayo.

Chifukwa chiyani nkhaniyi ili ya alimi?

Khansa si matenda a anthu a m'tauni okha. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri. Chiwerengero cha bungwe la zaumoyo la WHO cha chaka cha 2020 chinaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansayi chaka chilichonse m'Malawi, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Khansa ya kummero nayonso ndi yochuluka kuno kuposa m'mayiko ambiri. Palinso khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi, ya m'mawere, ya chikhodzodzo, komanso ya ana yotupitsa nsagwada kapena mimba yotchedwa Burkitt. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa 8 mwa 10 alionse amakhala kumudzi. Choncho ambiri mwa odwalawa ndi alimi anzathu, akazi athu, amuna athu ndi ana athu.

Chinanso n'chakuti wodwala khansa amakhala kuchipatala masiku owerengeka, koma masiku ambiri amakhala pakhomo. Dokotala amamuona mwina kamodzi pa mwezi, kwa mphindi zochepa, pamzere wautali. Amene amaona mbale ikubwerera ndi nsima yosakhudza ndife. Amene timachapa zovala n'kuona kuti zayamba kukhwepa ndife. Ndipo soya, mtedza, nyemba, mazira ndi mkaka zomwe wodwalayo akusowa, olima ndi oweta ake ndife tomwe.

Kuwondaku kumaononga chiyani?

Akatswiri a kadyedwe ka odwala a ku Ulaya, a bungwe la ESPEN, analemba mu 2017 kuti mwa odwala khansa 100 alionse omwe amamwalira, pakati pa 10 ndi 20 amafa chifukwa cha kunyentchera osati chifukwa cha chotupa chenichenicho. Ngati zili chonchi kumayiko komwe chakudya sichisowa, nanga kuno komwe nkhokwe zambiri zimatha Disembala asanathe?

Thupi loperewera zakudya limalephera kupirira chithandizo. Munthu wotere akachitidwa opaleshoni, bala limachedwa kupola ndipo limachita mafinya msanga. Mankhwala a khansa a m'diripi, omwe achipatala amati chemotherapy, ndi amphamvu kwambiri, ndipo mlingo wake amauwerengetsa ndi kulemera komanso msinkhu wa wodwala. Munthu akafooka kapena magazi akachepa, achipatala amakakamizika kuchepetsa mankhwalawo kapena kumubweza kuti adzabwerenso tsiku lina. Ambiri a ife tikudziwa tanthauzo la kubwezedwa: mbuzi yagulitsidwa kuti papezeke ndalama yoyendera kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu, koma wodwala wabwerera osalandira mankhwala. Panthawi yodikirayo chotupa sichidikira. Kuonjezera apo, thupi lofooka limagwidwa msanga ndi chibayo, malungo ndi kutsegula m'mimba, ndipo matenda amenewa amalifooketsanso.

Njala ya khansa ndi yosiyana ndi njala ya chilala

Njala ya chilala timaidziwa. Munthu akawonda chifukwa chosowa chimanga, akangoyamba kudya bwino thupi limabwerera. Kwa wodwala khansa zinthu zimavutirapo, chifukwa kuwonda kumalowera njira zingapo.

Njira yoyamba ndi chotupa chenichenicho. Khansa ya kummero imachepetsa njira ya chakudya pang'onopang'ono. Poyamba munthu amatsamwa nyama ndi nsima yolimba, kenako phala, pamapeto pake ngakhale madzi ndi malovu. Khansa ya m'kamwa imapweteka potafuna. Chotupa cha m'mimba chimachititsa munthu kukhuta atangodya nthongo ziwiri. Khansa ya khomo la chiberekero imatayitsa magazi kwa miyezi yambiri, mayi n'kukhala wofooka ndi wosafuna kudya.

Njira yachiwiri ndi chithandizo. Mankhwala a khansa amabweretsa mseru, kusanza, zilonda za m'kamwa ndi kutsegula m'mimba, ndipo ndiwo zomwe munthu ankazikonda zimayamba kumveka zowawa kapena ngati chitsulo. Mankhwala amphamvu oletsa ululu monga morphine ndi ofunika kwambiri, koma amadzimbitsa, ndipo munthu wodzimbidwa safuna chakudya.

Njira yachitatu ndi yobisika. Khansa imasokoneza momwe thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Thupi limakhala ngati lili pa nkhondo usana ndi usiku, limayamba kudya minofu yake yomwe, ndipo chilakolako cha chakudya chimazilala. N'chifukwa chake wodwala amatha kuwonda ngakhale akuoneka kuti akudya. N'chifukwa chakenso minofu ikatha kwambiri imavuta kubwezeretsa. Paja akulu anati mmera mpoyamba: nthawi yochitapo kanthu ndi pomwe kuwonda kwangoyamba.

Njira yachinayi ndi umphawi womwe matendawa amabweretsa. Wodwala salima, womusamalira naye salima, ndipo chimanga ndi nkhuku zimagulitsidwa kuti papezeke ndalama yoyendera. M'makomo ambiri mayi ndiye amaphika ndipo amadya pomaliza. Mayiyo akadwala, sipakhala womuyang'anitsitsa kuti wadya zochuluka bwanji.

Tiyang'ane chiyani?

Sitikufunika sukulu ya udokotala kuti tione zizindikiro izi. Tiyambe ndi mbale. Munthu yemwe ankatha mitanda itatu ya nsima, kodi pano akutha ingati? Ngati kwa mlungu wathunthu akudya theka la zomwe ankadya kapena kucheperapo, limenelo ndi chenjezo. Ngati papita masiku angapo asakudya chilichonse, tisadikire tsiku lomwe anamulembera kuchipatala.

Tione zovala. Lamba akafuna kuboola bowo lina, siketi ikayamba kugwa, mphete kapena wotchi ikamazungulira yokha, thupi latsika ndithu.

Tione thupi. Masaya kulowa mkati, m'mbali mwa mphumi kufwamphuka, mafupa a m'khosi ndi m'mapewa kuonekera, ntchafu ndi akatumba kuchepa, komanso kamnofu ka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera kuphwa, zonsezi zimasonyeza kuti minofu ikutha.

Tione mphamvu. Munthu yemwe ankasenza ndowa kuchokera ku mjigo koma pano akupumira panjira, yemwe akulephera kudzuka pamphasa popanda chogwirira, kapena yemwe moni wake wa m'manja wafooka, akutiuza kanthu ngakhale pakamwa akunena kuti ali bwino.

Pomaliza timufunse mwaulemu komanso pambali. Kodi chakudya chikutsika bwino? Mukumva kuwawa pomeza? Muli ndi mseru? M'kamwa muli zilonda kapena zoyerayera? Mwapita liti kuchimbudzi? Odwala ambiri, makamaka akuluakulu ndi apongozi, sanena zinthu zotere pagulu chifukwa cha manyazi kapena poopa kuvutitsa ana.

Tiyeze ndipo tilembe

Mlimi sagulitsa soya wake pongomuyang'ana ndi maso. Amafuna sikelo. Thupi la wodwala nalo liyezedwe. Tsiku lomwe munthu wauzidwa kuti ali ndi khansa, akwere pasikelo ndipo nambalayo ilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala pamodzi ndi deti. Kenako aziyezedwa ulendo uliwonse wa kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka milungu iwiri iliyonse pachipatala chaching'ono chapafupi, pasikelo imodzimodzi, atavula nsapato ndi jekete.

Muyezo womwe akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana mu 2011 ndi uwu: wodwala khansa akataya makilogalamu oposa 5 pa 100 alionse a kulemera kwake m'miyezi 6, asakufuna kuwonda, ndiye kuti vuto layamba. Tiwerengere limodzi. Munthu wa makilogalamu 60 akataya 3 wafika kale pamzere wochenjeza. Wa makilogalamu 50 amafikapo atataya 2 ndi theka basi. Munthu wa makilogalamu 60 uja akataya 6, ndiye kuti wataya 10 pa 100, ndipo apo zinthu zafika poopsa. Onani kuti manambalawa ndi aang'ono. Makilogalamu atatu maso sangawaone msanga pa munthu yemwe timakhala naye tsiku lililonse. Achipatala amawerengetsanso kulemera ndi msinkhu, ndipo kwa munthu wamkulu zotsatira zikatsika pansi pa 18.5 amati ndi woonda mopitirira.

Koma sikelo nayo imatha kunamiza. Miyendo ikatupa kapena m'mimba mukadzaza madzi, nambala imakwera pomwe minofu ikutha. Chotupa chachikulu nachonso chimalemera. Kafukufuku wa 2008 pachipatala cha Queen Elizabeth anapeza kuti ana oposa theka omwe ankagonekedwa ndi khansa anali onyentchera atayezedwa mkono, pomwe kuyeza kulemera ndi msinkhu kunaonetsa ochepa kwambiri. N'chifukwa chake kalamba koyezera mkono kaja timakaona kusikelo ya ana n'kofunika. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5, mkono ukachepera masentimita 12.5 ndi chenjezo, ndipo ukachepera 11.5 ndi kunyentchera koopsa. Kalamba ka akuluakulu kaliponso, ndipo tili ndi ufulu wopempha kuti wodwala wathu ayezedwe nako.

Tisanyengekenso ndi kunenepa. Mayi wathupi akhoza kutaya makilogalamu 8 anthu n'kumamuyamikira kuti wachepa bwino, pomwe zomwe zatha ndi minofu yomwe imamuyendetsa.

Manyazi asatitsekere pakamwa

Kuyambira zaka zomwe Edzi inavuta kwambiri, munthu woonda amalozedwa zala m'mudzi. Ena amati ndi kaliwondewonde, ena amati walodzedwa, ena amati ndi tsempho. Chifukwa cha zimenezi mabanja ena amabisa wodwala m'nyumba mpaka zinthu zitafika poipa. Amayi ndi abambo, kuwonda kopanda chifukwa chodziwika n'koyenera kupita nako kuchipatala, kaya gwero lake ndi chifuwa chachikulu, HIV, shuga kapena khansa. Nthawi zina kuwonda ndi kutsamwa nsima ndizo zizindikiro zoyamba za khansa ya kummero. Ndipo kwa anzathu omwe ali ndi HIV pamodzi ndi khansa, kumwa ma ARV mosadumphitsa ndi mbali ya chithandizo cha khansayo.

Tikazindikira, tichite chiyani pakhomo?

Choyamba ndi kukauza achipatala zomwe taona, ndi manambala ake. Zambiri zolepheretsa kudya zili ndi mankhwala: ululu, mseru, zoyerayera za m'kamwa, kudzimbidwa ndi kuchepa magazi. Munthu yemwe akumva ululu sangadye, ngakhale mutamuphera nkhuku. Kwa odwala khansa ya kummero, m'zipatala zina zazikulu amatha kuika kapaipi kotsegula njira kuti chakudya chizidutsa. Tifunse ngati wodwala wathu angathandizidwe motero.

Chachiwiri ndi kusintha kadyetsedwe. Mbale yodzaza imamuopsa munthu wopanda chilakolako. Timupatse pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, m'kambale kakang'ono, makamaka m'mawa pomwe ambiri amakhala ndi mphamvu. Akhale tsonga pakudya, ndipo asagone atangomaliza. Madzi ambiri amwe pakati pa zakudya, kuti asakhute madzi okha. Akhale ndi mbale yakeyake kuti tione zomwe watha, koma asadye yekha kuseri. Kudyera limodzi kumathandiza.

Chachitatu, supuni iliyonse ikhale ndi phindu. Malangizo a akatswiri amati wodwala khansa amafunika zakudya zomanga thupi, zomwe timati mapuloteni, zoposa galamu imodzi mpaka galamu imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Kwa munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu 60 mpaka 90. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, ndipo mtedza wodzaza dzanja limodzi pafupifupi 7. Mukuona kuti phala la ufa woyera lothira mchere silingafikepo. Limadzaza mimba koma thupi limapitiriza kutha.

Zofunikazo zambiri tili nazo m'minda ndi m'makola mwathu. Phala la mgaiwa tilithire nsinjiro, dzira, mkaka kapena ufa wa soya, kenako supuni ya mafuta ophikira. Mafuta amapereka mphamvu zoposa kawiri poyerekeza ndi ufa wolemera chimodzimodzi, choncho amathandiza munthu yemwe akudya zochepa. Tingathe kupanga ufa wofanana ndi Likuni Phala pogayitsa makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga bwino. Usipa kapena bonya tisinje n'kuthira m'ndiwo. Chipere, futali wa mbatata yofiira mkati, maungu otendera, mapeyala, nthochi zakupsa ndi mapapaya ndi zofewa ndipo zimatsika mosavuta. Kwa wovutika kumeza, nsima ikhale yofewa, ndiwo zikhale zamsuzi, ndipo therere limathandiza kuti nthongo itsetsereke. Wa zilonda m'kamwa timupewetse tsabola, mandimu ndi zakudya zotentha kwambiri, ndipo azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono. Magulu 6 a zakudya omwe alangizi amatiphunzitsa aja akugwirabe ntchito pano, kungoti kwa wodwala woonda tiike patsogolo zanyama, zanyemba ndi zamafuta. Ngati wodwalayo alinso ndi matenda a shuga kapena a impso, tifunse kaye achipatala tisanasinthe zakudya zake.

Chachinayi ndi ukhondo. Munthu wolandira mankhwala a khansa chitetezo chake chimatsika. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala, mkaka uwiritsidwe, mazira ndi nyama zipse bwino, ndipo mkute asapatsidwe usanatenthetsedwe mokwanira. Pano tinenepo za chuku. M'makomo ambiri mtedza wabwino umapita kumsika, ndipo wonyala ndi wowola ndiwo umatsala kuti usinjidwe. Mtedza ndi chimanga zachuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi. Poizoniyu satha ndi kukazinga kapena kuphika. Nsinjiro za wodwala, ngakhalenso za banja lonse, zichokere ku mtedza wosankhidwa bwino ndi wouma.

Chachisanu, wodwala asangogona. Kuyenda pang'ono pabwalo, kukhala ndi kudzuka pampando kangapo, kapena kusola mtedza ali pakhonde kumathandiza kusunga minofu ndi kudzutsa njala.

Pali zizindikiro zina zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo: kulephera kumeza madzi, kutsamwa kapena kutsokomola nthawi iliyonse akamamwa, kusanza chilichonse kwa tsiku lathunthu, kutsegula m'mimba kosalekeza, kusakodza, ndiponso kutentha thupi kwa munthu yemwe akulandira mankhwala a m'diripi. Komanso munthu yemwe wakhala masiku ambiri osadya asapatsidwe chakudya chambiri nthawi imodzi. Ayambe pang'ono, ndipo achipatala adziwe.

Chenjerani ndi malangizo a m'misika ndi pafoni

Banja likakhala ndi wodwala khansa, alangizi amachuluka. Wina amati asadye nyama, mazira kapena mkaka chifukwa zimakulitsa chotupa. Wina amati asiye shuga ndi nsima kuti khansa ife ndi njala. Wina amabwera ndi mabotolo okwera mtengo omwe akuti amachiza khansa iliyonse, ndipo mauthenga otere amayenda kwambiri pa WhatsApp ndi Facebook. Palibe chakudya, tsamba kapena muzu womwe unatsimikizidwa kuti umachiza khansa pawokha. Kumana wodwala chakudya kumafooketsa munthuyo chotupa chili chikulire. Ndalama ya botolo limodzi lotere ikhoza kugula mazira a milungu ingapo. Ndipo ngati wodwala akumwa mankhwala azitsamba, adokotala auzidwe mosabisa, chifukwa ena amalimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Safunsa anadya phula.

Matenda akafika patali

Tinene chilungamo pa mbali iyi. Khansa ikafalikira kwambiri, imafika nthawi yomwe thupi silithanso kulandira chakudya, ngakhale titaphika bwanji. Panthawi imeneyi m'mabanja mumabuka mikangano. Wodwala amadzudzulidwa kuti akukana dala, ndipo mayi womusamalira amanenedwa ndi achibale kuti akumumana. Zonsezi si zoona. Kukakamiza chakudya pa nthawi yotere kumabweretsa kusanza ndi kutsamwa. Chofunika ndi kumupatsa zomwe akufuna, pa mlingo womwe akufuna, kumunyowetsa milomo, kumuthetsera ululu ndi kukhala naye pafupi. Chisamaliro cha odwala matenda okhalitsa chilipo m'zipatala za m'maboma, komanso m'malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima. Chisamalirochi si cha masiku omaliza okha. Banja lingathe kuchipempha matenda atangodziwika. Amene angatiuze ngati wodwala wafika pa gawo limeneli ndi achipatala, choncho tisafulumire kutaya mtima pa munthu yemwe angathe kuthandizika.

Makalabu athu angachitepo chiyani?

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha kalabu iliyonse kuti pamsonkhano wake wotsatira ikambirane mfundo izi.

Pa nthawi yokolola, membala aliyense apatule pang'ono soya, mtedza, nyemba kapena chimanga, kuti kalabu ikhale ndi nkhokwe yothandizira mabanja omwe ali ndi odwala matenda okhalitsa, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale.

Membala akakhala kuchipatala, kaya ngati wodwala kaya ngati womudikirira, kalabu ikonze dima pamunda wake. Munda ukagona chaka chino, njala ya chaka chamawa idzagwera wodwala yemweyo ndi ana ake.

Thumba la zadzidzidzi la banki mkhonde lizithandizanso pa ndalama yoyendera kuchipatala ndi chakudya cha wodwala. Lisamadikire maliro okha.

Kalabu isankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, oti azigwira ntchito ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, aphunzire kuyeza mkono ndi kulemba, ndipo akhale anthu osunga chinsinsi. Pa mapulogalamu opatsirana mbuzi ndi nkhuku, mabanja a odwala aziganiziridwa msanga. Tilimbikitsanenso kuti amayi azipita kukayezetsa khomo la chiberekero, ndi kuti atsikana alandire katemera wa HPV yemwe boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Zomwe tikupempha kwa boma ndi atsogoleri

Pali zina zomwe kalabu singathe payokha, ndipo tiyenera kuzinena mogwirizana kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, kwa makhansala, kwa aphungu ndi ku Unduna wa Zaumoyo.

Choyamba, wodwala khansa aliyense aziyezedwa kulemera ndi mkono ulendo uliwonse, afunsidwe za kadyedwe kake, ndipo zotsatira zilembedwe m'kabuku kake. Izi zimangofuna sikelo yogwira ntchito, kalamba ndi mphindi zochepa.

Chachiwiri, dziko lino lili ndi luso lothandiza ana onyentchera komanso odwala HIV ndi chifuwa chachikulu ndi chiponde ndi Likuni Phala. Wodwala khansa yemwe wapezeka wonyentchera naye azilandira thandizo lomweli pachipatala chapafupi ndi kwawo, ndipo katunduyu asamasowe.

Chachitatu, akatswiri a kadyedwe ka odwala, omwe dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha kudzera ku LUANAR, achuluke ndipo alembedwe ntchito mpaka m'zipatala za m'maboma. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi aphunzitsidwe zizindikiro zomwe takambirana lero. Chakudya cha m'zipatala chiganizirenso odwala omwe sangathe kumeza nsima ndi nyemba.

Chachinayi, mabanja omwe ali ndi wodwala khansa aziganiziridwa polemba maina a Mtukula Pakhomo ndi a chakudya cha thandizo. Tinaona namondwe Freddy mu 2023 ndi chilala cha 2024, pomwe maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Pa nthawi zotere mzere wolandirira chimanga umakomera amphamvu, ndipo wodwala yemwe ali gone m'nyumba amaiwalika.

Chachisanu, mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti azipatula 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti kupita ku zaumoyo. Tikupempha aphungu athu kuti azikumbutsa boma lonjezo limeneli chaka chilichonse, ndipo m'ndalamazo mukhale gawo looneka la chakudya cha odwala. Makina ndi nyumba zothandizira odwala khansa n'zofunika ndipo tikuziyamikira, koma phindu lake lidzaoneka ngati wodwala afikako ali ndi mphamvu zolandirira chithandizo.

Pomaliza

Amayi ndi abambo, tikabwerera m'midzi mwathu tiyambe ndi nyumba yomwe tikuidziwa kuti muli wodwala. Tikafunse kuti anayezedwa liti komaliza, nambala yake inali chiyani, ndipo dzulo wadya chiyani. Ngati yankho silikudziwika, timuperekeze kuchipatala mlungu uno. Alembi a makalabu abweretse malipoti a zomwe mwagwirizana pamsonkhano wathu wotsatira, kuti madandaulo omwe tidzapereke kwa akuluakulu a boma adzakhale ndi umboni wochokera kwa inu eni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.